Makalata a omvera: "Mwana wanga akupembedza Athena"

Takulandirani, omvera athu. Sabata ino makalata abwera ngati ngumbi, ndipo ambiri akukamba nkhani imene tinangoitchula mongodutsa sabata yatha, ya anthu amene abwerera kukapembedza milungu yakale ya Agiriki, a Zeus, a Apollo, a Athena ndi anzawo.

Bambo ena a ku Chipata akufunsa kuti, "Kodi si zam'mafilimu zimenezi?" Ayi bambo, ndi zenizeni. Ku Greece kuli bungwe lawo lotchedwa YSEE limene linayamba mu 1997, ndipo mu 2017 boma linavomereza chipembedzo chawocho mwalamulo. Ndi ochepa, poti Agiriki ambiri ndi a mpingo wa Orthodox, koma alipo.

Tsopano kalata imene yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi ena a ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Manchester. Tsiku lina tikuyankhulana pa WhatsApp ndinaona kumbuyo kwake kashelefu, pali kafano ka mkazi wovala chisoti cha nkhondo, kandulo ndi kambale. Nditafunsa anati ndi Athena, ndipo amamuthirira mafuta m'mawa asanapite kuntchito. Ndinadula foni. Patha miyezi itatu sindinamuyankhule. Anzanga akutchalitchi akuti walowa za Satana. Nditani?"

Mayi, pepani. Mwana amene munamubereka kumsana popita ku Sande sukulu, lero kumuona akugwadira kafano, mtima uyenera kupweteka. Koma miyezi itatu, mayi? Ndiloleni ndikudzudzuleni pang'ono.

Choyamba tidziwe zimene anthu amenewa amachita. Amasamba m'manja, amayatsa kandulo kapena lubani, kenaka amathira pansi kapena m'kambale vinyo, mkaka, uchi kapena mafuta a olivi, uku akunena pemphero. Ambiri amayamba ndi kumaliza ndi Hestia, mulungu wamkazi wa moto wapakhomo, tingoti wa pamafuwa. Mwezi ukaoneka kumene amachita kamwambo kotchedwa Noumenia. Makolo awo ankapha ng'ombe paguwa, koma a masiku ano ambiri sapha ngakhale nkhuku.

Ine nditawerenga zimenezi ndinakumbukira agogo anga akazi kumudzi. Mvula ikachedwa ankatenga ufa m'kalichero, kupita nawo patsinde pa mtengo, kuwomba m'manja ndi kutchula maina a makolo. Lamulungu lake mumawapeza pabenchi lakutsogolo kutchalitchi. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kachisi wa Mbona alipo mpaka lero. Sindikuti zonsezi n'chimodzimodzi, ayi. Ndikungoti ife Amalawi tisamachite ngati kuthira nsembe takumva koyamba pa wailesi.

Ineyo ndine wopemphera, ndipo Zeus sindidzamupempha mvula. Komabe tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 17. Paulo atafika ku Athens mtima wake unawawa poona mzinda wodzaza mafano. Nanga anatani? Anayendayenda, kuwerenga zolembedwa pamaguwa, mpaka anapeza lolembedwa kuti "Kwa Mulungu Wosadziwika", ndipo ulaliki wake anauyambira pomwepo, ndi anthu omwewo. Paulo sanadule foni, mayi.

Muimbireni mwanayo usiku uno. Musayambe ndi vesi. Mufunseni ngati wadya, ngati kwazizira, ngati ali ndi womuyankhula akaweruka ntchito yausiku. Kenaka mufunseni kuti chimene wapeza kwa Athena n'chiyani, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mwina ndi chidwi cha mabuku, mwina ndi kusungulumwa, mwinanso wakhulupiriradi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumupempherera pitirizani, koma mawu anu aziwamva.

Ndipo poti makalata asanu ndi awiri sabata ino ali ndi mawu akuti "usatana", ndiyankhulepo. Abale anga, tazolowera moipa. Mnzathu akamanga nyumba ya malata, usatana. Mtsikana akavala zakuda, usatana. Nkhalamba ikafiira maso ndi utsi wa nkhuni, mfiti, ndipo tonse tikudziwa kumene mawu otere amathera. M'chipembedzo cha Agiriki akale mulibe Satana. Hades amene ena mwamutchula ndi mfumu ya kudziko la akufa, abwino ndi oipa omwe, sanali woyesa anthu kuti achimwe. Mukhoza kukana chipembedzo cha munthu, ndi ufulu wanu, koma chikaneni mukuchidziwa.

Tifulumireko, nthawi yatithera. Mphunzitsi wa ku Dedza akufunsa kuti chipembedzochi chinatha bwanji kalelo. Aphunzitsi, mfumu ya Aroma Theodosius inaletsa nsembe zimenezi m'zaka za 391 ndi 392, ndipo akachisi ena, ngakhale Parthenon ya Athena yemweyo, anadzasanduka matchalitchi. N'chifukwa chake inali nkhani yaikulu mu January 2007 pamene kagulu kotchedwa Ellinais kanakapemphera pabwinja la kachisi wa Zeus ku Athens, unduna wa zachikhalidwe utakaniza.

Mnyamata wa ku Mzuzu akuti, kodi amayi ovala mikanjo amene amayatsa muuni wa Olympics ndi a mpingo umenewu? Ayi achimwene, amenewo ndi azisudzo. Amayatsa ndi galasi ndi dzuwa ku Olympia, pabwinja la kachisi wa Hera, ndipo mwambowu unayamba mu 1936.

Yotsiriza yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Zomba. Akuti wamva kuti Athena ndi mulungu wa nzeru, ndiye angamuthandize pa mayeso a masamu? Mwanawe, mafuta ophikira adula, usawathire pansi, mayi ako angakuthamangitse ndi mthiko. Tenga kope uwerenge. Mayi a ku Ndirande, mudzatilemberenso mukayankhulana naye. Tiyeni timvere nyimbo.