Square root imene imasokoneza masamu a mafunde

Akatswiri akafuna kudziwa mmene phokoso limayendera pansi pa nyanja, kapena mmene mafunde amadutsira m'miyala ya pansi pa nthaka, nthawi zambiri amatsata mafundewo kulowera mbali imodzi yokha, pang'onopang'ono. Njirayi, yotchedwa parabolic equation, anaiyambitsa Leontovich ndi Fock m'zaka za m'ma 1940 pofufuza mafunde a wailesi, ndipo Tappert anaigwiritsa ntchito pa phokoso la m'nyanja m'zaka za m'ma 1970. Pamtima pake pali √(1+X). Apa X si nambala wamba koma operator, ndiye kuti lamulo la masamu logwira ntchito pa funde lonse, choncho kompyuta imafunika china chosavuta choti chiime m'malo mwa square root imeneyi.

Taonani chitsanzo ichi. Funde likapendekeka madigiri 45 kuchoka ku mbali imene tikutsata, X imakhala −0.5 ndipo yankho lenileni ndi 0.707. Njira yachidule ya 1+X/2 ikupereka 0.75, pamene fraction ya Claerbout, katswiri wa mafunde a pansi pa nthaka, (1+0.75X)/(1+0.25X), ikupereka 0.714. Ma fraction otere amatchedwa ndi dzina la Henri Padé, amene anawafufuza mu 1892, ndipo tikagwiritsa ntchito ambiri pamodzi timafikira mafunde opendekeka kwambiri.

Komabe kuyandikira yankho sikukwanira. X ikatsika kupitirira −1, square root imakhala imaginary (square root ya nambala yochepera ziro), kutanthauza kuti mafunde amenewo, otchedwa evanescent, ayenera kuzirala msanga. Fraction ya manambala a real, ndiye kuti manambala wamba, singathe kusonyeza zimenezi: pa X = −2 yankho lenileni ndi i (square root ya −1), koma ya Claerbout ikupereka −1, ndipo pa X = −4 mbali yake ya pansi imasanduka ziro. Mafunde oyenera kufa amapitirira kuyenda n'kuipitsa zotsatira, ndipo m'zinthu zolimba monga miyala amatha kukula mpaka masamu onse atasokonekera.

Mu 1997, Milinazzo, Zala ndi Brooke anasonyeza kuti branch cut ya square root, mzere umene yankho lake limadumpha tikauwoloka, ikhoza kutembenuzidwa n'kuchotsedwa pamzere wa manambala a real fraction isanapangidwe. Zikatero manambala a fractionyo amakhala a complex (okhala ndi mbali ya real ndi ya imaginary), ndipo mafunde a evanescent amazirala. Ine ndimaona kuti luso lenileni lili posankha kukula kwa kutembenuzako, chifukwa kukachepa mafunde osafunika amachedwa kuzirala, ndipo kukachuluka mafunde enieni amasintha mphamvu pokhapokha tiwonjezere ma fraction ena, zomwe zimaichulukitsira kompyuta ntchito pa sitepe iliyonse.