Mawu a m'mawa: Kukhululukira munthu amene anakudyerani ndalama

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ali pa Mateyu 18, kuyambira ndime 15 mpaka 35. Muwawerenge onse musanatuluke m'nyumba.

Pemphero la Ambuye ambirife timalinena bwinobwino mpaka titafika poti "mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu." Pamenepo lilime limalemera, chifukwa nkhope ya munthu wina yabwera m'maganizo. Kuno ku Mangochi kawirikawiri amakhala munthu amene tinachita naye za ndalama. Mayi wogula usipa ku Makawa kapena ku Msaka amapereka ndalama madzulo kwa mwini chilimira kuti agulire mafuta a injini, pangano lili loti boti likakocheza m'mawa nsomba zoyamba ndi zake. Mayiyo walawirira, wasesa pathandala, wafika padoko ndi mabeseni ake. Boti lakocheza, koma usipa wapita kwa wogula wina wochokera ku Limbe amene wawonjezera kangachepe pa chigoba. Mayi wabwerera chimanjamanja, pamene ndalama ija anaikongola kubanki mkhonde ndipo Loweruka akuyenera kubweza ndi chiwongoladzanja. Lamulungu onse awiri ali m'tchalitchi chimodzi, akuimba nyimbo imodzi.

Kumuuza mayi wotereyu kuti "ingoiwalani, Mulungu akudziwa" ndi kumusenzetsa katundu wachiwiri. Yesu sanachepetse ululu wa munthu wodyeredwa. Taonani manambala a m'fanizo la kapolo wosakhululuka la pa Mateyu 18. Kapolo woyamba anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku (Mateyu 20:2). Ndiye kuti anakongola masiku 60 miliyoni a ganyu, ngongole yoti ngakhale zidzukulutudzi zake sizikanaimaliza. Kapolo mnzake anali ndi ngongole ya madinari 100 kwa iye. Ena polalikira amati zinali ndalama zachabechabe, koma madinari 100 ndi thukuta la miyezi pafupifupi inayi. Munthu aliyense wodyeredwa malipiro a miyezi inayi tulo sangatione. Chimene mfumu inakwiyira n'chakuti kapoloyo anagwira mnzake pakhosi, anakana pempho lomwelo limene iye anali atangopempha kumene, n'kukamutsekeretsa m'ndende momwe sakanathanso kugwira ntchito kuti abweze.

Anthu ambiri amalephera kukhululuka chifukwa amaphatikiza nkhani zitatu n'kuziyesa imodzi: kukhululuka, kubwezeredwa chimene chinatayika, ndi kumukhulupiriranso munthuyo. Akamva mlaliki akuti "khululukani," iwo amamva ngati akuti ndalama zipite, ndipo mawa mumupatsenso zina. N'chifukwa chake mtima umakana.

Kukhululuka ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu, monga Paulo akunenera pa Aroma 12:19. Kumeneku sikudikira kuti mnzanu apepese, ndipo mutha kuchita m'mawa uno muli pamkeka. Musapemphere mwachisawawa kuti "ndakhululukira onse ondilakwira," pemphero lotero silikhudza bala. Tchulani dzina la munthuyo pamaso pa Mulungu. Tchulani chimene anachita, tsiku lake, ndi ndalama yake mpaka tambala. Nenani zimene zinatsatira: manyazi kubanki mkhonde, mwana wobwezedwa kusukulu, mpamba wothawa. Mukatero munene kuti simudzamuipitsira mbiri, simudzamupitira kwa sing'anga, simudzasangalala boti lake likagubuduzika. Ngati mtima sukufuna, muuzeni Mulungu kuti sukufuna, ndipo mupemphe kuti aufewetse. Masalimo adzaza ndi anthu olankhula kwa Mulungu ali okwiya, ndipo Iye sanawathamangitse.

Kenako ndime 15 ya Mateyu 18 ikuti pitani mukamuuze kulakwa kwake muli awiriwiri. Apa m'pamene ambiri timaphonya, ndiye tiyeni tichedwepo. Mupite nokha, ndi miyendo yanu. Kutuma mwana kapena mlamu kumasandutsa nkhani ya awiri kukhala ya mabanja awiri. Kulemba mawu okuluwika pa status ya WhatsApp, oti "anthu ena amaoneka ngati opemphera," ndi miseche yovala chovala cha mapemphero, ndipo mwini wake akangoona amauma mtima nkhani isanayambe. Kukanena ku Mvano kapena kumphakati ngati "chopempherera" musanakumane naye n'chimodzimodzi. Miyambo 25:9 imati mlandu wako ukambirane ndi mnzakoyo, usaulule chinsinsi kwa wina.

Nthawi ndi malo zimapha kapena kuchiza nkhani. Musamuyambe padoko alovi ake akumva. Bambo amene akudzudzulidwa pamaso pa antchito ake amateteza ulemu wake, ngakhale akudziwa kuti walakwa. Musamupezenso atangotsika m'boti, wachezera usiku wonse panyanja, maso ali psu ndi tulo, m'mimba mulibe kanthu. Dikirani agone, adye, ndiye mukagogode kwawo chakumadzulo. Ngati ndinu mayi ndipo iye ndi bambo wapabanja, khalani pakhonde poonekera, anthu azikuonani koma asamve. Ngati mmodzi wa inu walawa mowa, nkhaniyo igone.

Mawu akhale ochepa ndiponso a nkhani imodzi. Mwachitsanzo: "Achimwene, ndabwera ndi kankhani. Lachiwiri ndinakupatsani ndalama yakutiyakuti kuti usipa woyamba ukhale wanga. Boti litakocheza munagulitsa kwina. Zandiwawa, ndipo kubanki mkhonde akundidikira Loweruka. Tipanga bwanji?" Mukatero khalani chete, mumve. Miyambo 18:17 imati woyamba kufotokoza mlandu amaoneka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa. Mwina injini inafa pakati pa nyanja ndipo anachita kukokedwa ndi boti lina pa ngongole. Mwina amene anagulitsa ndi alovi iye kulibe. Mwinanso ndi dyera basi. Simungadziwe musanamve. Zimene zimawononga pano ndi mawu oti "ndinu wakuba," "ndi mmene mulili a kwanu," komanso kufukula za chaka chatha ndi za pamaliro a agogo. Mukatchula khalidwe lake m'malo mwa chimene anachita, mwamupatsa chifukwa chokanganira, ndipo ndalama yaiwalika. Ndime 15 ija ikutha ndi mawu oti akakumverani mwamubweza m'bale wanu. Cholinga cha ulendowo n'chimenecho, ndalama ikubwera pambuyo pake.

Akavomera, mwafika pa nkhani yachiwiri, ya kubweza. Mutha kumukhululukira ngongole yonse ngati mfumu ya m'fanizo, ndipo ngati Mulungu wakupatsani mphamvu yotero, chitani mosanyinyirika, osadzaikumbutsanso. Koma kupempha kuti abweze si tchimo. Chofunika n'chakuti pangano likhale lotheka. Lembani papepala ndalama yonse, magawo ake ndi masiku ake, aliyense asunge pepala lake. Akatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga musafufute. Masikuwo muwaike moganizira nyanja. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera kunyali. Mwera ukalimba, makamaka mu June ndi July, maboti amatha masiku ali pamtunda. Pali nthawinso imene boma limatseka nyanja. Mukamuikira tsiku lobweza m'nyengo zoterezi mwamutchera msampha woti aname kachiwiri, ndipo bala lachiwiri limapweteka kuposa loyamba.

Pa chikole, Baibulo lili ndi malire omveka. Deuteronomo 24:6 ikuletsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kutero n'kutenga moyo wa munthu. Kwa msodzi mphero yake ndi ukonde, nyali ndi injini. Kwa wakabaza ndi njinga. Kwa telala ndi makina osokera. Mukamulanda zimenezi adzabweza ndi chiyani? Ndime 10 ndi 11 za mutu womwewo zikuti wokongoza asalowe m'nyumba kukadzitengera yekha, adikire panja. Eksodo 22:25 ikuletsa kukongoza mnzanu wosauka mwa katapila. Mkhristu amene wati "ndakhululuka" kenako n'kumachulukitsa ngongole mwezi ndi mwezi, wagwira mnzake pakhosi monga kapolo uja.

Akakana kumva, ndime 16 ya Mateyu 18 ikuti tengani mmodzi kapena awiri, potsata lamulo la mboni la pa Deuteronomo 19:15. Musatenge achibale anu okhaokha, amenewo ndi gulu lankhondo. Sankhani munthu amene mnzanuyo amamulemekeza, wosunga pakamwa, wokhoza kukuuzani inunso kuti apa mwalakwa. Zikakanikanso, nkhani ipite kumpingo, kutanthauza kwa akulu ampingo, abusa kapena atsogoleri a mphakati, osati kuilengeza pa zolengeza za Lamulungu. Ngati mnzanuyo ndi Msilamu, monga alili anansi athu ambiri kuno, gawo loyamba ndi lachiwiri silisintha. Lachitatu lipite kwa anthu amene nonse mumawamvera: a mfumu, akomiti ya padoko, kapena mkulu wa kwawo pamodzi ndi mkulu wa kwanu. Aroma 12:18 ikuti tikhale mwamtendere ndi anthu onse, ngati n'kutheka, monga momwe ife tingathere. Paulo anadziwa kuti nthawi zina mbali inayo imakana, ndipo kukana kwake si tchimo lanu.

Kumukhulupiriranso ndiye kumabwera pang'onopang'ono, ndipo palibe amene ayenera kukukakamizani. Yosefe anawakhululukira abale ake, koma asanadziulule anawayesa kaye ndi nkhani ya Benjamini kuti aone ngati anasintha (Genesis 42 mpaka 45). Paulo anakana kuyenda ndi Marko chifukwa anawathawa pa ulendo woyamba (Machitidwe 15:38), koma patapita zaka analemba kuti abwere naye chifukwa ndi wothandiza pa utumiki (2 Timoteo 4:11). Moni mumupatse, maliro akagwa kwawo mupite, mwana wake akadwala muthandize. Za malonda muyambe ndi zazing'ono, muone.

Pano ndinene mosapsatira. Njira ya "pitani nokha" si ya mayi amene akumenyedwa, kapena ya mwana amene wagwiriridwa. Zoterezo zipite kupolisi, ku Victim Support Unit, ndipo wovulala apite kuchipatala msanga. Mkulu wa mpingo kapena nkhoswe amene akubweza mayi kunyumba yomwe akumenyedwa ponena kuti "Mkhristu amakhululuka," akugwiritsa ntchito mawu a Mulungu kuteteza tchimo. Mayiyo atha kukhululuka ali patali, mlandu ukuyenda.

Ena amadandaula kuti anakhululuka koma mkwiyo umabwereranso, makamaka usiku kapena akangomuona munthuyo pamsika, ndiye amayamba kukayika ngati ndi Akhristu enieni. Musadziweruze. Petro anafunsa ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu anamuyankha ndi nambala yoti munthu sangakhale akuwerenga. Nthawi zambiri kubwerezako kumakhala pa cholakwa chimodzi chomwecho. Ukabwera mkwiyo, musayambenso kuzenga mlandu m'mutu muli pabedi. Nenani mwachidule kuti "Atate, nkhani iyi ndinaipereka kwa Inu," mumupempherere munthuyo chinthu chimodzi chabwino, monga Yesu analamulira pa Mateyu 5:44, ndipo muwerenge Salimo 4, lomwe likuyamba ndi munthu wopanikizika n'kutha ndi munthu wogona tulo mumtendere. Ngati munthuyo anathawira ku Johannesburg ndipo nambala anasintha, gawo la pemphero lija likadali lanu, ndipo ngongole yake musailipiritse mayi ake okalamba amene sanadye nawo.

Tsono kwa inu amene mukuwerenga mukudziwa kuti wodya ndalamayo ndinu. Mateyu 5:23-24 ikuti mukakumbukira muli paguwa kuti m'bale wanu ali nanu chifukwa, siyani mphatso pomwepo, mukayanjane naye kaye. Musadikire kuti akupezeni, akuluakulu anati mlandu suwola. Popepesa pewani mawu oti "ngati ndinakulakwirani," chifukwa "ngati" ameneyo amafufuta kupepesa konse. Nenani chimene munachita: "Alongo, ndinalandira ndalama yanu, nsomba ndinagulitsa kwina. Ndinalakwa." Zifukwa zanu munene pokhapokha akufunsani. Musapite chimanjamanja, ngakhale muli ndi gawo laling'ono, mupite nalo, ndipo munene tsiku la gawo lotsatira. Musamuumirize kuti akukhululukireni pomwepo, kapena kumuopseza ndi mavesi.

Levitiko 6:1-5 ikuti amene wanyenga mnzake pa chinthu chosungitsidwa kapena pa chikole abweze chonse, awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa K100,000 ndiye kuti K120,000. Zakeyu anapitirira pamenepo, analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda monyenga (Luka 19:8). Ife sitili pansi pa chilamulo cha nsembe, koma muyezowu ukutikumbutsa kuti mnzanu anataya zambiri kuposa ndalama imene munalandira: phindu la tsikulo, chiwongoladzanja cha kubanki mkhonde, ndi mtengo wa zinthu umene wakwera pamene inu mumazengereza. Ngati mwini ndalama anamwalira, Numeri 5:7-8 ikuti zipite kwa wachibale wake. Kaperekeni kwa mkazi wake kapena ana ake, pamaso pa mwini mbumba, ndipo munene poyera kuti inali ngongole, asaiyese chipepeso.