Chogogodera cha ku Durham

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Miyambo 18:10, pamene Mawu akuti dzina la Yehova ndi linga lolimba, wolungama amathamangiramo napulumuka.

Kumpoto kwa England, pamtunda wozingidwa ndi mtsinje wa Wear, pali tchalitchi chachikulu cha Durham. Anayamba kuchimanga mu 1093 pansi pa bishopu William de St-Calais, yemwe anamwalira mu 1096 makoma asanapite patali, ndipo ntchito yaikulu inatha cha mu 1133. Mamangidwe ake ndi aja amatchedwa Romanesque: makoma okhuthala, pamwamba pa zitseko ndi mazenera pokhota ngati uta, zipilala zonenepa moti anthu atatu atagwirana manja sangazizungulire. Denga lake ndi lamiyala, logwiridwa ndi nthiti zamiyala zopingasana, luso lomwe linali lachilendo ku Ulaya masiku amenewo. Munthu ukachiona umaganiza kuti ndi linga la nkhondo.

Nanga linga lotere analimangiranji? Anamangira manda a Cuthbert, bishopu wa ku chilumba cha Lindisfarne amene anamwalira mu 687. Mu 875 amonke a pachilumbapo anathawa nkhondo ya ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, atasenza bokosi la maliro ake. Anayendayenda zaka zisanu ndi ziwiri, nakhala ku Chester-le-Street zaka zoposa 100, mpaka anafika ku Durham mu 995. Tchalitchichi chinabadwa mwa anthu odziwa kuwawa kothawa.

Chimene chandigwira mtima ine ndi chitseko chakumpoto. Pachitsekopo pali chogogodera chamkuwa, nkhope yonga ya mkango italuma mphete. (Chomwe chilipo lero ndi chofanizira chabe, chenichenicho amachisunga mkati.) Munthu wopalamula mlandu waukulu, adani ali m'mbuyo, ankathamangira pamenepo n'kugogoda. Pamwamba pa chitseko panali tizipinda momwe alonda ankachezera usiku wonse kudikira kugogoda kotere, kuti munthu asaphedwere pakhomo. Akalowa ankamupatsa chakudya, pogona ndi mkanjo wakuda wokhala ndi mtanda wa Cuthbert paphewa. Kwa masiku 37 palibe amene akanamugwira. Masikuwo akatha ankasankha kukaonekera kubwalo la milandu kapena kutuluka m'dzikomo.

Tsono taonani, abale. Vesi yathu ikunena za wolungama, koma ambiri mwa ogogoda ku Durham anali ndi magazi m'manja. Ndaganizira zimenezi nthawi yaitali. Ndani wa ife angafike pakhomo la Mulungu ndi manja oyera? Paulo akutiuza pa Aroma 5:8 kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa. Chilungamo chomwe timalowa nacho m'lingamo si chathu, timavekedwa, monga wothawa uja ankavekedwa mkanjo umene sanagule.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe sakanachizemba. Asanalandiridwe ankayenera kuulula chimene wachita, pakamwa pake, pamaso pa mboni. Apa m'pamene ambirife timabwerera. Chitetezo tikuchifuna, kuulula ayi. Timapemphera za fizi ya ana, za matenda, za ntchito, koma ngongole ija tinakana, mawu aja tinamunenera mnzathu kumbali, uthenga uja tinafufuta pafoni kuti akunyumba asauone, zimenezo timazisiya panja. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, m'bale wanga: lero lomwe lino, usanatuluke m'nyumba, chitchule dzina lake chinthucho pamaso pa Mulungu. Salimo 121:4 likuti wosunga Israyeli saodzera kapena kugona.

Tipemphere. Atate, tabwera wefuwefu, ndipo chotithamangitsa mukuchidziwa. Titsegulireni. Tipatseni mtima woulula popanda kubisa, ndipo wina akagogoda pakhomo pathu lero atipeze tili maso. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.