Silabasi isinthe, koma tiyambire ku Sitandade 1

Moni nonse amene mukuonera. Nkhani yosintha silabasi ikabuka, ambiri amathamangira ku makompyuta, ntchito zamanja ndi mayeso a MSCE. Zonsezo n'zofunika, koma ife tikuti maso ayambe apita ku Sitandade 1 ndi 2, kumene mwana amaphunzira kuwerenga.

Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, choncho njira yake ndi yodziwika. Mwana amayamba ndi malembo a liwu asanu: a, e, i, o, u. Kenako amaphatikiza opanda liwu, m ndi a kukhala ma, n ndi o kukhala no, n'kuwerenga "mano". Povuta ndi pa maphatikizo a malembo ambiri monga nkha, mphe ndi ntchi. Apa mphunzitsi ayenera kumumva mwana aliyense akuwerenga payekha, kuti adziwe pamene lilime likukodwa.

Tsono tiwerengetsere limodzi. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi oyambirira adakali odzaza mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma makalasi a ana oposa 100 alipo ambiri. Phunziro la mphindi 30 mukaligawira ana 120, aliyense apeza masekondi 15 okha. Mphunzitsi atani? Amaloza pabolodi, ana onse n'kumabwereza mokweza. Mwana amaloweza tsamba lonse ngati nyimbo, chonsecho chilembo sakuchidziwa.

Makolo, yesani izi madzulo ano. Phimbani chithunzi cha m'buku ndi dzanja, mulozereni mwana mawu kuyambira kumapeto kwa chiganizo kubwerera m'mbuyo. Akangoti kakasi, dziwani kuti amaloweza.

Mwana wotereyu akafika Sitandade 5, maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi. Amabwereza kalasi, mwinanso kusiya sukulu kumene. Chodandaulitsa n'chakuti sukulu zambiri zimaika aphunzitsi aluso ku Sitandade 8, poti mbiri ya sukulu imamveka ndi zotsatira za PSLCE, mayeso omaliza a pulayimale.

Akatswiri a ku MIE, bungwe lokonza silabasi la ku Domasi, akhoza kulemba silabasi yabwino, monga zidachitikira pa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga yomwe idayamba mu 2016. Koma maphunziro a masiku ochepa amene aphunzitsi amalandira ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a m'zoni, sakwanira ngati mlangizi wa zoni, PEA, sabweranso kudzakhala m'kalasi kuona momwe phunziro likuyendera. Mphunzitsi wamkulu naye ali ndi zomwe angachite osadikira unduna: kugawa Sitandade 1 pawiri, kuikako mphunzitsi waluso kwambiri, ndi kutulutsa mabuku amene atsekeredwa mu ofesi poopa kuti ang'ambika, mwana aliyense azipita ndi buku kunyumba.