Ku Indiana kulibe MSCE, dipuloma amaisonkhanitsa semesita ndi semesita

Moni nonse amene mukumvera, kumudzi ndi kuno ku South Bend. Lero ndilankhula nanu makolo amene mwabweretsa kapena mukufuna kubweretsa kuno mwana wa Folomu 2 kapena Folomu 3 ndipo mukufuna alowe sukulu yaing'ono ya mpingo.

Kwathu mwana akhoza kugona zaka zitatu, n'kudzuka mu Folomu 4, kukhoza mayeso a MANEB, basi zatheka. Kuno zimenezo kulibe. Kuyambira giredi 9 mpaka 12, phunziro lililonse lomwe mwana wakhoza pa semesita limamupatsa kirediti imodzi. Dipuloma ya Core 40 imafuna makirediti 40: Chingerezi 8, masamu 6, sayansi 6, social studies 6, masewera 2, zaumoyo 1, otsalawo ndi maphunziro osankha. Omaliza mu 2029 ndi mtsogolo ali pa malamulo atsopano a makirediti 42, ndiye funsani kuti mwana wanu ali gulu liti. Sukulu ya mpingo imaonjezapo zake. Kawirikawiri ndi Baibulo semesita iliyonse, ndi maola a ntchito yothandiza anthu omwe amalembedwa pa fomu n'kusainidwa. Baibulolo si Sande sukulu ayi. Lili ndi mayeso, ndipo limalowa mu GPA (avereji ya magiredi onse a mwana) monga masamu: A ndi 4, B ndi 3, F ndi ziro.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa mapepala ochokera kumudzi. Musanakwere ndege, pitani kwa ahedi mukatenge transikiripiti yosonyeza phunziro lililonse, temu iliyonse, malikisi ake, ndi chidindo cha sukulu. Ripoti la temu imodzi lopindikapindika m'chikwama silikwanira. Masamu a kwathu ndi osakaniza, pomwe kuno amawagawa kukhala Algebra I, Geometry ndi Algebra II, choncho mlangizi wa sukulu akapanda kuona silabasi amangomubweza mwana ku Algebra I, chaka chonse n'kupita. Tengani silabasiyo. Dziwaninso kuti U.S. History ndi U.S. Government mwana wa ku Malawi sanaphunzirepo, ndipo sadzamaliza popanda zimenezi; wa Core 40 amafunikanso Economics.

Kuchepa kwa sukulu kuli ndi msampha wake. Mphunzitsi wa sayansi akakhala mmodzi, Chemistry imatha kuphunzitsidwa chaka chino, Physics chaka chamawa. Mwana akalephera kapena akafika mochedwa, phunzirolo silibwera msanga, amakalipeza ku summer school kapena pa intaneti, ndalama zake ndi zanu.

Funso lina mufunse musanalipire fizi: sukuluyi ndi yovomerezeka ndi boma la Indiana, kapena bungwe ngati Cognia kapena ACSI? Ngati ayi, mwana akasamukira ku sukulu ya boma makirediti ake akhoza kukanidwa.

Sabata yoyamba yomwe, khalani pansi ndi mlangizi, akulembereni papepala makirediti omwe awalandira, otsala, ndi semesita yomwe lililonse lidzaphunzitsidwe. Pepalalo mulimate pa firiji, ndipo muzilionanso semesita ikatha mu Disembala ndi mu Meyi.