Chinyama chomwe chinagona pansi pa nthaka ya ku Karonga

(Pa kanema: mafupa oimikidwa mu nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Karonga)

Moni ana inu! Tayang'anani khosi ili mmene latalikira, koma kamutu kali kumapetoko n'kakang'ono. Chinyama ichi ndi dinosaur, dzina lake Malawisaurus, kutanthauza "buluzi wa ku Malawi". Musaganize za buluzi woothera dzuwa pakhoma ayi. Ichi kutalika kwake chinkalingana ndi basi yaikulu, ndipo chinkadya masamba. Chinkayenda kuno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malawi isanakhaleko, munthu kulibe.

Mafupa ake oyamba anapezeka m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1928 anawapatsa dzina lina. Dzina loti Malawisaurus linabwera mu 1993, akatswiri atakumba mafupa ambiri kudera la Mwakasyunguti. M'gulu lawo munali Mmalawi mnzathu, mayi Elizabeth Gomani. Dzina limeneli muligwire. Mayi ameneyu ndi amenenso anafotokoza za kang'ona kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997, komanso dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005.

(Pa kanema: mtsinje ukusefukira, matope akukwirira fupa)

Nanga fupa likhala bwanji zaka zonsezo osaola? Mukudziwa kuti mbuzi ikafera kutchire, agalu ndi miimba sizichedwa, dzuwa ndi mvula n'kumaliza zotsala. Koma nyama ikafera m'mbali mwa mtsinje, madzi n'kuikwirira msanga ndi mchenga ndi matope, nkhani imasintha. Mnofu umaola, fupa limatsala. Fupa lili ndi timabowo tambirimbiri. Mukadzaswa fupa la nkhuku mudzationa. Madzi a pansi pa nthaka amalowa m'timabowoto atanyamula michere ya m'miyala, n'kumaisiya momwemo pang'onopang'ono, mpaka fupa lija lilemera ngati mwala. Patapita zaka zosawerengeka, mvula imakokolola nthaka ya pamwamba, nsonga ya fupa n'kusuzumira. Wokumba amagwada ndi kaburashi, kusesa dothi mosamala ngati akupeta mpunga, chifukwa kungofulumira pang'ono fupa lathetheka.

(Pa kanema: chithunzi cha chigaza chikuzungulira pa kompyuta)

Tsono mverani izi, zomwe ine zimandisangalatsa kwambiri. Mu 2019, asayansi anasindikiza zomwe anapeza ataunika chigaza cha Malawisaurus ndi makina a CT, onga aja amaunikira odwala kuchipatala. Ubongo wake unaola kalekale, koma mphako yomwe unkakhalamo idakalipo. Makinawo anajambula mphakoyo popanda kuswa fupa, kompyuta n'kuumbanso maonekedwe a ubongo. Anaonanso mkati mwa khutu, timachubu topindika tomwe timathandiza nyama kuti isagwe poyenda.

Gwirani kuseri kwa khutu lanu. Mkati mmenemo inunso muli nato timachubu titatu totero, ndipo ndi tomwe timakuchititsani chizungulire mukazungulira kwambiri posewera.