Makalata a omvera: kodi mfundo yanu yaima pa chiyani?

Moni nonse omvera. Sabata yatha tinakambirana za mmene mfundo imamangidwira pa mtsutso, ndipo makalata afika ochuluka. Tiyambe ndi ya aphunzitsi ena a ku sekondale.

"Zikomo aulutsi. Munati mfundo ili ndi mbali ziwiri: chigamulo chimene wolankhula akufuna tivomereze, ndi zifukwa zake. Pali yachitatu. Wophunzira ayambe wapeza chigamulocho, chimene nthawi zambiri chimatsatira mawu akuti 'choncho', 'motero' kapena 'ndiye kuti'. Kenako alembe zifukwa chimodzichimodzi. Izi zimatsogozedwa ndi 'popeza', 'pakuti' kapena 'chifukwa'. Akatero adzifunse kuti: n'chiyani chimene munthuyu sanatchule koma mfundo yake ikudalira? Wina akati, 'Mankhwalawa ndi achilengedwe, choncho sangavulaze,' wabisa ganizo lakuti chachilengedwe chilichonse sichivulaza. Mukalilemba poyera, bodza lake limaonekeratu, pakuti ululu wa njoka nawo ndi wachilengedwe."

Aphunzitsi, mwalasa. Mu 1958 Stephen Toulmin, katswiri wa kaganizidwe wa ku Britain, anafotokoza mbali imeneyi ngati ulalo wochoka pa umboni kukafika pa chigamulo, ndipo mfundo zambiri zimathyokera pomwepo. Ndiwonjezere kuti mukamaliza kulemba mbali zonse, pali mafunso awiri oyenera kuwafunsa padera. Loyamba: zifukwazi n'zoona? Lachiwiri: zitakhala zoona, zikutikakamiza kuvomereza chigamulocho? Funso lachiwirili ndi limene katswiri wa kaganizidwe Aristotle analisanthula ku Greece zaka zoposa 2,300 zapitazo, ndipo mpaka lero anthu amalisakaniza ndi loyamba.

Tamvani ichi: "Mvula ikagwa, msewu umanyowa. Msewu wanyowa. Choncho mvula yagwa." Zifukwa zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, koma mwina paphulika paipi. Kayesedwe kake n'kosavuta: ganizirani nthawi imodzi yokha imene zifukwa zili zoona koma chigamulo chili chabodza. Mukaipeza, kamangidweko n'kolakwika. Tsono tembenuzani: "Mvula ikagwa, msewu umanyowa. Msewu ndi wouma. Choncho mvula sinagwe." Apa ngakhale mutafufuza chotani simuipeza.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi ena ogwira ntchito ya kafukufuku.

"Aulutsi, musaiwale kuti mfundo zambiri za tsiku ndi tsiku sizilonjeza kuti chigamulo n'chotsimikizika, zimangonena kuti n'chokhulupirika. Zimachoka pa anthu ochepa amene afunsidwa n'kukanena za onse. Mfundo zotere tizifunse zitatu: afunsidwa angati, anasankhidwa motani, nanga amene sanayankhe ndi otani? Omvera ambiri akamva nambala yaikulu amagonja, chikhalirecho funso lolemera ndi lachiwirilo."

Mayi, ndikugwirizana nanu kotheratu, ndipo mbiri ikukuikirani umboni. Mu 1936, chisankho cha pulezidenti chitayandikira ku America, magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere. Anayankha oposa 2 miliyoni, ndipo magaziniyo inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt ndiye anapambana, m'zigawo 46 mwa 48. Chinalakwika n'chiyani? Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi ya mavuto a zachuma pamene osauka ambiri analibe zonsezi. Komanso anthu atatu mwa anayi alionse sanayankhe n'komwe, ndipo amene anayankhawo ambiri anali osakondwa ndi Roosevelt. Katswiri wina wa kafukufuku, George Gallup, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi awa, koma osankhidwa mosamala, ndipo ananena molondola wopambana. Choncho, ophunzira inu, kuchulukitsa anthu sikukonza kasankhidwe kokondera.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wa m'kalabu ya mtsutso: "Bambo, ngati wolankhula akupindula ndi zimene akunena, monga wogulitsa amene akuyamikira katundu wake, kodi n'kulakwa kukana mfundo yake?"

Mwanawe, yang'ana chimene wakupatsa. Ngati akuti "ndikhulupirire, ndinaona ndekha", zonse zatsamira pa iye, ndiye phindu lakelo ndi chifukwa chomveka chofunira mboni ina. Koma ngati waika zifukwa zoti ukhoza kuziyesa wekha, monga kulemera, mtengo kapena zotsatira za kupima, ziyese. Pa mtsutso, ukangoti "iyeyu akudyapo" n'kukhala pansi, oweruza adzaona kuti zifukwa zake sunazikhudze, ndipo malikisi adzapita kwa mnzakoyo.

Nthawi yatithera. Makalata okhudza kusiyanitsa zinthu zongochitikira limodzi ndi zinthu zoyambitsana tiwawerenga sabata ya mawa.